Makutu Obwereka a Bambo Kampira

Kamkombero ka makina katangokhazikika pamutu pawo, Bambo Gedion Kampira anadzidzimuka mpaka anagwetsa supuni ya tiyi. Sikuti kanawapweteka ayi. Anangomva ngati wina watsegula mazenera onse a m'nyumbamo nthawi imodzi.

"Musakagwire, ababa," anatero mwana wawo Tawina, maso ali pa kagalasi kamene anaika patebulo, pamene timizere tobiriwira tinali kuvinavina. "Mlatho walumikizana. Inu muzingomvera basi."

Unali m'mawa wa Loweruka, m'chaka cha 2089, ku Luchenza. Tawina anali dokotala wa makutu ndi ubongo mumzinda wa Blantyre, ndipo anali atafika pa sitima yoyamba, ija yoyandama pamwamba pa njanji, imene inkangotenga mphindi khumi ndi ziwiri. M'chikwama chake anabweretsa makina amene akatswiri ankawatcha mlatho wa makutu, ngakhale anthu wamba ankangoti Bwerekeni. Tinali timikombero tiwiri topyapyala ngati luzi. Kena ankavala wobwereketsa, kena wobwereka. Koyambako kankawerenga zimene ubongo umachita liwu likalowa m'khutu, n'kuzitumiza kwa kachiwiri. Motero dokotala ankatha kumva ndendende zimene wodwala akumva, m'malo mongodalira kuti wodwalayo afotokoze.

Koma m'nyumbamo panalibe amene ankavomera kuti akudwala.

Mbali ina ya tebulo kunakhala akazi a bambowo, Mayi Ndaziona Kampira, atavula duku, kamkombero kali pamutu, manja atapinda. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi mayiwa anatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo ankadziwika kuyambira ku Thyolo mpaka ku Mulanje chifukwa cha chinthu chimodzi: poyambitsa nyimbo sankadikira kiyibodi. Ankangokweza dzanja n'kung'ung'udza noti, ndipo woyimba kiyibodi akaigunda, inkapezeka kuti ndi yomweyo. Sanaphunzire zimenezi kwa munthu. Anabadwa nazo, monga amabadwira nazo anthu owerengeka kwambiri.

Ndiye miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, kwaya ili mkati mokonzekera, mayiwo anatseka buku n'kubwerera kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo sanayimbenso, kaya m'tchalitchi, kaya posesa, kaya pochapa. Akafunsidwa ankangoti, "Ndatopa." Anthu ankanong'onezana kuti anayambana ndi Bambo Chikhwaza, woyimba kiyibodi. Bambo Kampira sankadziwa chenicheni. Chimene ankadziwa n'chakuti nyumba yawo inazizira, ndipo akaweruka kumunda wa tiyi, kumene ankayang'anira maloboti othyola masamba, miyendo inkawalemera akamayandikira pakhomo. Ndi iwo amene anaimbira Tawina foni. Mayiwo anakana milungu itatu, kenako anavomera monyinyirika.

"Mphindi khumi zokha," anatero. "Muone kuti m'mutu mwanga mulibe kanthu, mundisiye."

Tsopano supuni ija inali itasiya kulira pasimenti, koma Bambo Kampira anali akadayang'ana pansi.

"Ndalidziwa," anatero pang'onopang'ono.

"Supuni yanu yomwe mukanalephera kuidziwa?" anayankha akazi awo.

"Sindikunena supuni, amake Tawina. Ndikunena liwu lake."

Sanachite kuwerenga kapena kuyerekeza ndi liwu lina. Zinali ngati kukumana ndi mnansi pamsika. Munthu suyamba wayeza mphuno yake kapena kutalika kwake, umangoti, uyu ndi uje. Liwulo linafika ndi nkhope yake, ndipo dzina linali kale pa lilime.

"Ameneyu ndi Njanji," anatero.

Manja a mayiwo anamasuka. "Wakuuzani ndani dzina limenelo?"

"Palibe. Langobwera."

Tawina anawayang'ana onse awiri. "Njanji ndiye chiyani, amayi? Makinawa akuti noti imeneyo ndi A."

Mayiwo anafotokoza ngati munthu wogwidwa ndi chinsinsi cha paubwana. Ali kamtsikana ku Khonjeni, asanadziwe kuti manoti ali ndi mayina m'mabuku, anawapatsa mayina awoawo. Belu la pasukulu yawo linali chidutswa cha njanji chopachikidwa mumtengo, ndiye liwu lililonse lofanana nalo linakhala Njanji. Panali Chigayo, panali Udzudzu, panali Chitseko, ndi ena, onse pamodzi khumi ndi awiri. Sanauzepo munthu, poopa kusekedwa.

Koma Bambo Kampira anali ataimirira kale. Firiji imene anakhala nayo zaka khumi, akuiyesa yosalankhula, inali kung'ung'udza Chigayo. Kandege konyamula makalata kanadutsa pamwamba pa denga kakulira Udzudzu. Ketulo itayamba kuwira, anaimva ikukwera masitepe, ikupereka moni kwa wina ndi wina, mpaka inaima pa Chitseko. Anatenga supuni ija n'kugogoda kapu.

"Chigayo! Koma wamng'ono!" anafuula. "Tawina, tamvera! Ndi yemwe uja wa m'firiji, nkhope imodzimodzi, kungoti uyu ndi wowonda. Ngati iwe ndi amayi ako!"

"Ndi noti imodzi, ababa, ina pansi, ina pamwamba."

"Ndiye ndikunena zomwezo!"

Bambo wa imvi, wolemekezeka pa Luchenza ponse, anazungulira m'khitchini ngati wapenga. Anagogoda mbale, botolo la mafuta, chivundikiro cha poto, mwendo wa mpando. Chilichonse chinkayankha ndi dzina lake. Anatsegula zenera, ndipo kuchokera kumtunda kunamveka maloboti awo aja akuyenda m'mizere ya tiyi. Zaka makumi awiri ankati amangochita phokoso. Tsopano anamva kuti asanu ndi awiri anali pa liwu limodzi, koma wachisanu ndi chitatu anali pansi pang'ono, ngati munthu wa chimfine.

"Nambala eyiti ija! N'chifukwa chake munkandiuza chaka chatha kuti ikudwala?"

"Munandiseka," anatero mayiwo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri milomo yawo inafuna kumwetulira.

Bambo Kampira anakhalanso pansi akupuma mwawefuwefu. Atakhala chete anazindikira china. Mawu aja sankasiya. Firiji inkapitiriza kutchula dzina lake, mbalame panja zinkatchula awo, ngakhale mpando ukalira unkadzitchula. Panalibe njira yowauza kuti akhale chete.

"Kodi simupuma, amake Tawina?"

"Sindinapumepo chibadwire. Ndimayesa aliyense ali choncho mpaka nditafika Sitandade 5."

Tawina anayang'ana nthawi. Mphindi khumi zinali zitakwana, koma anaona nkhope ya mayi ake itafewa, ndipo sanafune kudula. "Tiyese chinthu chimodzi chomaliza," anatero. Anagunda kagalasi kaja, m'nyumbamo n'kudzaza mawu a kwaya. Inali nyimbo yothokoza pa zokolola imene Mayi Kampira anapeka okha, yojambulidwa zaka makumi awiri m'mbuyomo. Bambo Kampira ankaikonda kuposa zonse.

Sanathe kuipirira ngakhale mzere umodzi.

Zinali ngati munthu wabwerera kwawo n'kupeza abale ake onse asinthana zovala ndi malo. Pamene ubongo unkayembekeza Chitseko panabwera mnzake woyandikana naye. Pamene panayenera kuima Njanji panaima wina. Aliyense anali atasunthira m'mwamba pang'ono, sitepe yosakwana n'komwe, koma yokwanira kuti nyimbo yonse imveke yachilendo. Bambo Kampira anatseka makutu ndi manja.

"Zimitsa! Waisuntha ndani nyimboyi?"

Tawina anazimitsa. Anayang'ana timizere tija nthawi yaitali. "Palibe waisuntha, ababa. Ili mu kiyi yomwe anaijambulira." Kenako anatembenukira kwa mayi ake, mawu atatsika. "Amayi, zinayamba liti?"

Misozi inali itafika kale pachibwano. "Zaka ziwiri zapitazo. Poyamba ndinkati ndi kutopa. Tsiku lija kutchalitchi ndinapereka noti, a Chikhwaza atagunda inatuluka ina. Ndinawakalipira pamaso pa anthu kuti kiyibodi yawo yawonongeka. Nditafika kuno ndinayesa pa foni, ndinayesa pa wailesi. Zonse zinagwirizana ndi a Chikhwaza. Wowonongeka ndinali ine."

"Si kuwonongeka, amayi. Anthu ambiri a khutu ngati lanu zimawachitikira akamakula. M'kati mwa khutu mumasintha pang'ono, ndiye liwu limafika pakhomo loyandikana nalo. Mankhwala ake palibe, koma si matenda. Bwanji simunanene?"

"Ndikananena kuti chiyani? Ine sindinapite patali ndi sukulu ngati iwe. Chinthu chimodzi chimene ndinkachidziwa popanda kufunsa munthu chinali chimenechi."

Bambo Kampira anafuna kuuza akazi awo kuti nyimboyo ikadali yokoma, kuti kwa iwo sinasinthe. Posowa ponenera, anachita chimene sankachita kawirikawiri pamaso pa akazi awo. Anatsegula pakamwa n'kuyamba kuiyimba.

Anangofika pa mawu achinayi n'kudzitseka pakamwa ndi dzanja.

"Ameneyu ndi ndani?"

Liwu limene anamva silinali Njanji, silinali Chigayo, silinali aliyense wa khumi ndi awiri aja. Linkatsetsereka pakati pawo ngati mbuzi yothawa m'khola, kugunda uyu, kuponda uyo, osaima paliponse.

"Ndi inuyo, abambo ake a Tawina," anatero mayiwo, misozi ikadali m'masaya.

"Ndimayimba chonchi?"

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi."

"Ndiye osandiuza?"

"Ndinakuuzani. Ndinati m'kwaya mukusowa munthu wamphamvu wonyamula mabenchi."

Tawina ndiye anayamba kuphulika. Mayiwo anayesa kudzigwira koma analephera, anaseka mpaka anagoneka mutu patebulo. Bambo Kampira anayesa kukwiya, koma akakumbukira mmene ankanyadira udindo wa mabenchiwo, nawonso anagwira nthiti. Anaseka onse atatu mpaka mayi wina woyandikana nawo anasuzumira pampanda.

Chifukwa cha kusekako palibe anaona kuti timizere tija tasanduka tachikasu. Bwerekeni anapangidwa kuti azitumiza mbali imodzi, kwa mphindi khumi. Tsopano zinali zitadutsa makumi atatu, ndipo anthu awiri ovala timikombero anali kumva chinthu chimodzi, kuseka chinthu chimodzi. Zimenezi opanga makinawo sanaziyesepo.

Mwadzidzidzi Mayi Kampira anasiya kuseka. Anadzutsa mutu, maso ali tong'o.

"Apita," ananong'ona.

"Ndani, amayi?"

"Onse. Firiji ikungolira basi. Ilibe dzina."

Tawina anayang'ana kagalasi, nkhope n'kusintha. "Mayo! Mlatho ukubwerera m'mbuyo. Amayi, mukumva ndi makutu a ababa. Siziyenera kutero, ndizimitse msanga!"

Bambo Kampira anaganiza kuti awononga khutu la akazi awo ndi makutu awo ogontha nyimbowo, ndipo anakweza manja kuti avule kamkombero.

"Musakhudze!" anatero mayiwo mwamphamvu. "Tawina, ika nyimbo ija."

"Amayi, sindikudziwa chimene chingachitike."

"Ndati ika."

Kwaya inayambanso. Bambo Kampira anayang'anitsitsa akazi awo, thukuta lili kamukamu. Mayiwo anatsinzina. Mzere woyamba unadutsa, nkhope sinakwinyike. Wachiwiri unadutsa. Kenako mutu unayamba kugwedezeka pang'onopang'ono.

"Ndi mmene mumaimvera chonchi?" anafunsa osatsegula maso.

"Kaya. Ine ndimangomva ikukwera, ikutsika, kenako ikufika."

"Ngati njira ya kumunda. Palibe woti ndimupatse moni, ndikungoyenda." Anapuma mozama. "Ndinaipeka ndine, koma sindinaimvepo yonse pamodzi. Ndinkangomva anthu anga aja, Njanji ndi anzake, mmodzimmodzi. Abambo ake a Tawina, nyimboyi ndi yokoma!"

"Ndakhala ndikukuuzani."

Pamenepo Mayi Ndaziona Kampira anayimba. Liwu linayamba lolimba ngati chitseko chimene chakhala chotseka dzinja lonse, kenako linamasuka, linakwera, linadzaza nyumba mpaka kutulukira pazenera. Bambo Kampira, amene anali akadali ndi makutu a akazi awo, anamva noti iliyonse ikutera ndendende pa ya kwaya, yoyera, yosagwedezeka. Sanadziwe kuti akulira mpaka Tawina atawapatsa kansalu. Nyimbo itatha, mwanayo anazimitsa makina, ndipo anawayeza onse awiri kawiri konse asanakhulupirire kuti ali bwino.

Pofika madzulo mayina aja anali atabwerera m'mutu mwa mayiwo, osunthika monga kale. Koma mantha anali atachoka. M'mawa mwake anavala yunifolomu ya kwaya, anafika kutchalitchi mapemphero asanayambe, n'kupita molunjika kwa Bambo Chikhwaza.

"Achimwene, ndinakulakwirani. Kiyibodi yanu inalibe vuto." Ndipo anawafotokozera zonse, oyimba ena akumva.

Bambo Chikhwaza anakanda m'mutu. "Ndiye mukuti mumamva zonse zitakwera theka la sitepe? Mayi, miyezi yonseyi tavutikira zimenezi?" Anagunda kabatani kamodzi pambali pa kiyibodi. "Ndaitsitsa theka. Tapatsani noti."

Mayiwo anang'ung'udza. Bamboyo anagunda. Inali yomweyo.

Amayi achikulire oyimba mawu apamwamba, amene kwa zaka zambiri ankafika pa manoti ena mitsempha ya m'khosi itatuluka, analulutira kuposa wina aliyense. "Bwenzi mutatsitsa kalekale!" anatero mmodzi. Tsiku limenelo mapemphero anatha mochedwa, ndipo panalibe wodandaula.

Nkhani ikanathera pamenepo, koma Lolemba Bambo Kampira atafika kuntchito, geti la kumunda litalira, anapezeka atalitchula dzina. Lachitatu zinali chimodzimodzi. Patatha milungu iwiri akazi awo anawaperekeza ku Blantyre, kumene Tawina ndi madokotala anzake anawaika m'kachipinda kosalowa phokoso n'kuwayimbira manoti zana limodzi, mmodzimmodzi, mosakaniza.

Tawina anatuluka ndi zotsatira nkhope ili yolemera. "Ababa, pepani. Mlatho utayenda mbali zonse ziwiri, ubongo wanu unaphunzira njira ya amayi n'kuisunga. Sitinaonepo zotere kwa munthu wamkulu. Tikuganiza kuti sizichoka."

"Ndiye ukupepesa chiyani? Ndakhoza angati?"

"Palibe ndi imodzi yomwe."

"Iwe!"

"Onse zana mwawatchula mutakweza theka la sitepe. Simunaphonye mwachisawawa ngakhale kamodzi. Mwatenga khutu la amayi monga lilili lero, ndi kusunthika kwake komwe." Anakhala pafupi nawo. "Koma mwina tingakonze. Kuno kuli mphunzitsi wina wa nyimbo, wachinyamata, wa khutu lolondola. Titakulumikizani naye, mwina manoti angabwerere pamalo pake."

Bambo Kampira anayang'ana akazi awo, amene anakhala pabenchi atagwira chikwama pamiyendo.

"Zikatero ndizimva ngati mphunzitsiyo?"

"Eya."

"Osati ngati amayi akowa?"

"Ayi."

"Ndiye umuthokoze mphunzitsiyo. Umuuze kuti ndili bwino."

"Ababa, mwamvetsa? Mukhala mukulakwitsa moyo wanu wonse."

"Ndamva, mwana wanga. Tiye, amake Tawina, sitima itisiya."

Pa siteshoni panali anthu ambiri, dzuwa lili paliwombo. Sitima ya ku Luchenza inafika mwakachetechete, ndipo zitseko zisanatseguke kanalira kabelu kochenjeza, kamodzi kokha.

"Udzudzu," anatero onse awiri nthawi imodzi.

Anayang'anana. Mayiwo anaseka ngati mtsikana, n'kuwagwira amuna awo pamkono pamaso pa anthu onse, chinthu chimene sanachitepo chikwatiranire. Makina onse a mumzindawo akanafunsidwa akanati kabeluko kanalira noti ina, ndipo akanakhala akunena zoona. Koma polowa m'sitimamo Bambo Kampira ankaganiza za kamtsikana ka ku Khonjeni kamene kanakula kakumva zinthu zimene wina aliyense sankamva, ndipo anaona kuti kulakwitsa muli awiri kunali kokoma kuposa kulondola uli wekha.